Mkamwini Wopanda Bokosi

“Ndati ndinawaona ndi maso angawa. Ukufuna ndikulumbirire pa manda a atate?”

Filimoni ananena mawuwa atakhala pa mtondo wogwetsa, thukuta la ulendo lisanaume n’komwe. Njinga yake inali chiyedzamire pankhokwe, thumba la mchere likadali pakaliyala. Mlongo wake Elinata anali chiimire pakati pa bwalo ndi lichero m’manja, ataiwala kuti amapeta mphale. Nkhuku zinaona mwayi.

Nkhani imene Filimoni anabwera nayo kuchokera ku Fotijemusoni inali yoti mwamuna wa Elinata, Manase Sakala, amene mudzi wonse unkadziwa kuti ali kuntchito ku Halale chaka chachisanu tsopano, sali ku Halale ayi. Ali pa Foti pomwepa, ulendo wa masiku atatu wapansi kuchokera kuno kwa Zingalume. Ndipo ntchito imene akugwira ndi yokhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, chipewa chili chagada pansi, n’kumapempha makobiri kwa odutsa.

“Anthu amafanana, alongo,” anatero Elinata. “Mwangoona munthu wa ndevu basi mwati ndi atate ake Lily?”

Filimoni anavomera kuti ndevuzo zinamusokoneza poyamba, komanso munthuyo ankapempha m’Chilapalapa, chilankhulo cha kuntchito chija, ngati wochokera kutali. Koma lole ina itadutsa n’kubutsa fumbi, wopemphayo anayetsemula katatu motsatizana, kenako n’kupepesa kwa anthu amene sanamufunse. Apa Elinata anaika lichero pansi. M’dziko lonse la kwa Zingalume munthu wopepesa akayetsemula anali mmodzi yekha, ndipo anali mwamuna wake.

“Ndiye munawapatsa moni?”

“Moni? Kuti tauni yonse idziwe kuti wopemphayo ndi mlamu wake wa Filimoni Ngoma? Ndinakankha njinga yanga n’kuwolokera tsidya lina la msewu.”

Mayi awo, a Namwale, anali pamphasa akuswa mtedza, ndipo nthawi yonseyi sanayankhule. A Namwale anali mayi woti akakhala chete umadziwa kuti akunola. Atayamba, anayambira patali. Anati iwo ananena kalekale kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Anakumbutsa kuti akamwini a anzawo anabwera ndi mabulangeti, wina mpaka galamafoni imene inasonkhanitsa midzi itatu, pamene wawoyu zaka ziwiri zoyamba anatumiza makalata ndi nsalu imodzi, kenako zii. Munda akulima ndi akazi okhaokha ngati mudzi wa amasiye. Ndipo pomaliza anafika pamene ankapita: Whiteson, telala wa kwa Mlolo, wa makina akeake, anali atatumiza kale munthu kawiri kudzafunsa ngati Elinata akadali pabanja.

“Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Wa pachala ngwa mphepo.”

“Ngati makinawo akukomerani, amama, kakwatiweni nawo ndinu.”

Mawuwa anatuluka okha, ndipo Elinata anagwira pakamwa mochedwa. Khoko la mtedza linauluka n’kumupeza pamphumi. Filimoni anaimirira kuti akhale wamtali poweruza, pakuti mwinimbumba anali iyeyo chimwalirireni atsibweni awo. Anati nkhani yatha. Mvula isanagwe ankhoswe a mbali zonse ziwiri aitanidwe, Manase asudzulidwe, kuti dzinja lino munda ukhale ndi mwamuna.

“Munthu sasudzulidwa ali pamsewu,” anatero Elinata. “Abwere adzadzimvere yekha.”

“Akamutenge ndani?”

Elinata anawerama. Anatola lichero lake n’kuthamangitsa nkhuku ndi ukali umene nkhukuzo sizinaupute.

Kuti mumvetse, kwathu kuno munthu wochokera kuntchito salowa m’mudzi chimanjamanja. Amaima kumtsinje, bokosi lake lachitsulo n’kutsogola pamutu pa wina, likagone kwa apongozi. M’mawa mwake limatsegulidwa mbumba yonse ikuona, ndipo aliyense amatuluka ndi kake, kaya ndi duku, kaya ndi sopo, kaya ndi singano chabe. Ndi mwambo wokoma bokosi likakhala lodzaza. Koma tinazolowera mpaka moni timapereka kwa bokosi, munthu n’kulandira wotsala. Nanga amene alibe bokosi alowere pati? Funso limeneli palibe amene ankalifunsa, pakuti opanda mabokosiwo sankabwera kudzatikumbutsa.

Masiku anayi Elinata anakhala ngati wagonja. Anasinja ufa wambiri, anazira nyumba, anamumeta Lily. Tsiku lachisanu anamva kuti ngolo ya mtedza ikupita chakumsewu waukulu. Anasiya mwana pakhomo pa agogo ake n’kunena kuti akupita kokatenga atate ake Lily. A Namwale anati apite, koma akafika asakatchule kuti ali ndi mayi. Elinata anagwada, anawomba m’manja, n’kunyamuka ndi kathumba ka ufa pamutu. Chibadwireni anali asanapitirirepo pa Chadiza.

Anafika pa Foti tsiku lachitatu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tauniyo inamudabwitsa ndi chinthu chimodzi kuposa magalimoto: anthu ankadutsana osapatsana moni. Iye anapereka moni kwa anthu khumi oyamba, ndipo atatu anamuyang’ana ngati wamisala. Amene anayankha bwino anali mayi wina wachiyao wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi msika, dzina lake Mariam. Anamupatsa madzi, namufunsa chimene chamuyendetsa.

Elinata atafotokoza za ndevu ndi kuyetsemula, Mariam anaseka, kenako kuseka kunamuthera pakamwa. Munthuyo ankamudziwa bwino. Anati anatsika lole yochokera ku Lusaka nthawi yozizira ija, nafunsa njira ya ku Chadiza m’Chichewa chabwinobwino. Ananyamuka m’mawa, koma madzulo anamuonanso pamsika. Kawiri konse anachita zimenezi, kufika kumapeto kwa tauni n’kubwerera. Kuyambira pamenepo Chichewa anachisiya, n’kupeza malo pakhonde.

“Koma mayi, munauzidwa za dzanja?”

“Dzanja lanji?”

“Lamanja. Palibe. Linatsala kuntchito.”

Elinata anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Filimoni sanaone, pakuti Manase ankabisa mkonowo m’chijasi, ndipo munthu wothawira tsidya lina la msewu saona zambiri. Chimene chinamupweteka Elinata si dzanjalo ayi. Chinamupweteka n’chakuti mwamuna wake anadwala, kuvutika, kuchira, iye ali kumudzi akumunyoza chamumtima kuti wapeza mkazi wa ku Halale.

Makonde a masitolo anali ndi eni ake. Panali mkulu wina wosaona woimba kalimba, panali mayi wakhate ndi kambale kake, ndi ena angapo, aliyense pamalo pake ngati pamunda. Kumbali ya Azungu sankaloledwa n’kupondako komwe. Pa Foti sipazizira kwenikweni, ndiye munthu atha kugona pakhonde chaka chonse osafa, ndipo mwina vuto lake ndi lomwelo. Kukanakhala kozizira bwenzi ambiri atapita kwawo.

Manase anali pakhonde lachitatu, ataweramitsa mutu. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala, chijasi cha usilikali chili pathupi dzuwa lonse lija. Elinata anatula ufa wake, anagwada monga amagwadira kunyumba, n’kuwomba m’manja.

“Mwaswera bwanji, atate ake Lily?”

Munthu uja anauma. Kenako, osadzutsa mutu, anang’ung’udza m’Chilapalapa kuti sakumudziwa.

“Ine Chizungu chanucho sindimva,” anatero Elinata. “Kumudzi kuli bwino. Mbuzi ija inaswa awiri. Lily anaguluka dzino. Nanga kuno?”

Manase anayesa kupirira, koma analephera. Anakokera chipewa chake pafupi n’kuchivundikira ndi phazi, ngati mwana wogwidwa ndi chiwala m’kamwa.

“Nangoma, wadzatani kuno?”

“Ndadzakutengani. Mvula isanagwe akuti akusudzuleni, ndipo telala wa kwa Mlolo wayamba kale kunola sizasi.”

Anakhala kuseri kwa sitolo, pamthunzi wa mango, ndipo Manase anafotokoza pang’onopang’ono. Anali pa famu ina kumene ankacheka matabwa, ndipo makina anagwira malaya n’kukoka mkono. Anagona m’chipatala miyezi yambiri. Kangachepe kamene anamupatsa pomuchotsa ntchito kanathera m’njira, kena anamubera m’sitima ali mtulo. Kalata sanalembe chifukwa dzanja lolembera ndi lomwelo, ndipo kuuza munthu wina kuti alembe mawu amenewo kunamukanika. Mvula ikakuona litsiro sikata.

“Ndiye munafika pano, fungo la kwanu mukulimva, n’kukhala pansi?”

“Mkamwini ndi khasu, Nangoma, apo ayi ndi bokosi. Ine ndilibe zonse ziwiri. Ndikalowe m’mudzi mwa amako ndi chiyani? Ndikakhale pakhonde pawo ndizidya thukuta la akazi? Bola khonde la Mmwenye, sandidziwa dzina.”

“Mbewa ya manyazi inafera kuuna.”

“Ife, koma isafere pamaso pa apongozi.”

Anati iye sakukhala pamenepo mpaka kalekale. Akusonkhanitsa pang’onopang’ono kuti agule bokosi, alidzaze, alowe m’mudzi ngati munthu. Kuti amutsimikizire, anatulutsa kamtolo m’chijasi n’kukamasula ndi mano. Munali sopo mmodzi, duku lofiira la a Namwale, ndi kadilesi ka maluwa. Elinata anakatambasula kadilesiko. Kanali koyenera mwana woyamba kumene kuyenda. Manase anachoka Lily ali m’mimba, ndipo m’mutu mwake mwanayo anali asanakule.

“Kamukwana?” anafunsa.

“Kamukwana mwendo umodzi,” anatero Elinata, akuseka ndi kulira pamodzi. “Mwana wanu amatunga madzi tsopano.”

Anamuchonderera mpaka dzuwa kupendeka, koma Manase anali wofatsa wa mtundu uja wovuta kuposa waukali. Ankangovomera zonse, n’kumaliza ndi kuti sapita. Mkono wodukawo sanautulutse m’chijasi ngakhale kamodzi, ndipo Elinata akasuntha kukhala kumanja kwake, iye ankatembenuka. Madzulo Elinata anakagona kwa Mariam, amene anamulangiza kuti abwerere kwawo, pakuti fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Elinata anathokoza malangizowo n’kupempha chiguduli choyala pansi.

M’mawa mwake Manase atafika pakhonde anapeza mkazi wake wakhala kale pamalo pake, chiguduli atayala, miyendo atatambasula.

“Ukuchita chiyani?”

“Ndabwera kuntchito. Mwati bokosi lidzaze kaye, ndiye tidzazitsana. Munda wa mwamuna mkazi amalima nawo.”

“Mkazi wanga sapempha.”

“Wa telala ndiye sapempha. Wanu apempha. Sunthani pang’ono, mwanditchingira makasitomala.”

Kunena zoona, pa Foti sipanakhalepo wopempha wosadziwa ntchito ngati Elinata. Munthu akayandikira, iye ankayamba ndi moni, kufunsa kumene wachokera ndi mmene awasiyira kunyumba. Mayi wina wa mwana wotsokomola, Elinata anamuimitsa n’kumufotokozera mizu yoti akakumbe. Anamusokera mkulu wosaona uja thumba la malaya, anamugawira mayi wakhate nsima imene anaphika kwa Mariam. Koma dzanja lake linkakana kutambasuka. Likafika pabondo linkabwerera lokha n’kukakonza duku. Manase ankangoyang’ana kumbali, nthawi zina ndevu zikugwedezeka ndi kuseka kumene sankafuna kuti kuoneke.

Tsiku lachitatu Elinata analimba mtima. Kunkabwera kalaliki wina wa malaya oyera, ndipo iye anatambasula dzanja n’kunena mawu amene ankamva kwa anzake, akuti thandizeni bwana. Kalalikiyo sanaime, sanatembenuke n’komwe. Anangoponya kobiri chammbali, maso ali kutsogolo, monga umaponyera galu fupa uli pakati pa nkhani. Kobirilo linagubuduka n’kukaima pa phazi la Elinata.

Anapirira mpaka munthuyo atakhota, kenako anathamangira kuseri kwa sitolo n’kulira kwambiri. Anali atatukwanidwapo, anali atagonapo ndi njala, koma anali asanakhalepo munthu wosaoneka. Ndipo anaganiza kuti mwamuna wake wakhala akumeza zimenezi tsiku ndi tsiku chiyambire nthawi yozizira, n’kumati n’zopepuka kuposa kulowa m’mudzi mwawo. Apa ndi pamene anakwiyira mudzi wake, ndi mayi ake, ndi iye mwini, pakuti nayenso zaka zonsezi akamalota Manase akubwera, ankalota bokosi lili patsogolo.

Manase anamupeza pamenepo. Anaima chapatali, akukanda nthaka ndi chala chakuphazi.

“Waona? Pita kwanu, Nangoma. Kwatiwa ndi telalayo. Sindikusungira mangawa.”

Elinata anamina, anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n’kubwerera pachiguduli chake. Tsiku limenelo anatambasula dzanja kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse Manase ankatsinzina ngati akumubaya.

Inatha sabata, n’kuyamba ina. Kum’mawa mitambo inayamba kuunjikana masana n’kumabalalika madzulo, ndipo onse awiri ankaiona koma osaitchula. Lachisanu linali tsiku lalikulu pamakonde, pakuti Amwenye akachokera kopemphera ankagawa makobiri ndi timapaketi ta mchere, ndiye opempha ankachuluka, oonerera nawonso. Linali Lachisanu lotero pamene Elinata anaona njinga imene ankaidziwa ikukankhidwa pakati pa anthu. Filimoni anali atatumidwa ndi a Namwale kuti akabwere ndi mlongo wake, ngakhale womanga pakaliyala. Ankayang’ana uku ndi uku pakati pa amayi ogula nsalu, osaganiza zoyang’ana pansi.

Manase anamuonanso, ndipo anakokera chipewa kumaso. Elinata anadikira mpaka njingayo itafika pamaso pake penipeni. Kenako anatambasula dzanja, n’kukweza mawu kuti khonde lonse limve.

“Thandizeni, bwana. Ndine mlongo wake wa Filimoni Ngoma wa kwa Zingalume. Amuna anga anavulala kuntchito, ndipo kwathu salandira munthu wopanda bokosi.”

Filimoni anaima ngati wapondedwa ndi ng’ombe. Anthu anayamba kutembenuka, kalimba ya mkulu uja inasiya kulira. Kwathu kuno mwamuna akhoza kukana mlamu, koma mlongo wake akapempha pamsewu, manyazi amakhala a mwinimbumba, pakuti ndiye woyenera kumudyetsa. Filimoni anayesa kunong’ona kuti aimirire msanga asamuchititse manyazi. Elinata anabwereza mawu omwewo, dzanja lili m’mwamba.

Amene analephera kupirira anali Manase. Dzanja lake lamanzere linali litagwira chipewa, ndiye mosaganiza anasolola mkono wina uja m’chijasi n’kukankhira dzanja la mkazi wake pansi.

“Basi, Nangoma. Kwa wina aliyense, koma osati kwa alamu.”

Mkonowo unathera pamwamba pa pamene pamakhala wotchi, nsonga yake ili yosalala, ya zipsera zotuwa. Unakhala pamenepo poyera, pamwamba pa dzanja la Elinata. Manase atazindikira anafuna kuubweza, koma Elinata anaugwira ndi manja onse awiri osausiya.

Filimoni anayang’ana mkonowo nthawi yaitali. Iye sanali munthu woipa, anali chabe munthu woopa kusekedwa, ndipo anthu otere ndi ambiri kuposa oipa. Anagoneka njinga yake pansi, chinthu chimene sankachita ngakhale kwa amfumu, n’kunyonyomala pafumbi.

“Alamu, mwaswera bwanji?”

“Ndaswera, alamu. Kaya inu?”

“Ine ndinakuonani mwezi wathawu. Ndinawoloka msewu.”

“Ndinakuonani mukuwoloka,” anatero Manase. “Ndinathokoza.”

Filimoni anavula chipewa chake n’kupukutira nkhope ngati ndi thukuta. Kenako anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo iye sangabwerere kwa Zingalume ndi mlongo wake yekha. Koma anachenjeza kuti pakamwa pake si pamene pathere nkhani. Munda ndi wa a Namwale, mudzi ndi wa a Namwale, ndipo ankhoswe anauzidwa kale kuti akumane Lamulungu la sabata yamawa. Manase anayang’ana mkazi wake, amene anali akupinda kale chiguduli.

“Ndikapanda kupita?”

“Mawa ndiyambira pakhomo la msika,” anatero Elinata. “Kumeneko ndiye kumadutsa a kwa Mlolo.”

Anatsanzika kwa Mariam ndi kwa anzawo a pakhonde. Mkulu wa kalimba anawafunsa ngati njira yawo imadzera kwa Pembamoyo, kumene anati ndi kwawo. Elinata atafunsa ngati pali uthenga woti akapereke, mkuluyo anaganiza kaye, n’kunena kuti ayi, asakanene kanthu. Anamusiya akukonza kalimba yake, ndipo Elinata anatembenuka kawiri kumuyang’ana.

Analowa m’mudzi masana a tsiku lachitatu. Manase anafuna kuima kumtsinje monga mwa mwambo, koma panalibe choti chitsogole, ndiye anangowoloka. Anthu anabwera ndithu kudzapereka moni. Ankakhala pang’ono, maso akuzungulira pakhonde, kuseri kwa chitseko, pakaliyala ya njinga, kenako n’kukumbukira kuti asiya mphika pamoto. Pofika madzulo nkhani inali itafika midzi itatu, ngati galamafoni ija. Lily yekha ndiye anafunsa molunjika kumene dzanja linapita, ndipo atauzidwa kuti makina anadya, anafunsa ngati makinawo anamenyedwa. Kadilesi kaja anakaveka chidole chake cha chitsononkho.

A Namwale sanatuluke. Duku lofiira linapita kunyumba kwawo ndi Filimoni, ndipo linabwerako lili chipindire. Akamayankhula za mkamwini wawo ankati “mlendo wako uja”. Filimoni anayesa kuwanyengerera kawiri, koma anamuyankha kuti chisoni sichilima, ndipo iwo akalamba, sangadyetse pakamwa pena. Elinata sanathe kuwatsutsa kwenikweni, pakuti njala ya chaka cha fote naini anaiona onse, ndipo a Namwale anaika ana awiri chaka chimenecho.

Manase sanakhale pansi. Anasesa bwalo, anatunga madzi amayi akumuseka, anayesa khasu ndi dzanja lamanzere mpaka matuza, mizere yake ikupita uku ndi uku ngati njira ya woledzera. Lachitatu anauza mkazi wake kuti ankhoswe akagamula zoti achoke, iye achoka mwaulemu, koma pa Foti sabwererako. Elinata anati asayankhule zopusa, koma mumtima anali ndi mantha aakulu, pakuti nzeru zake zinali zitatha. Mwamuna anali atamubweretsa, koma kumusunga sikunali m’manja mwake.

Mvula inagwa Lachinayi madzulo, yamphamvu, yonunkhira dothi. M’mawa mwake mudzi wonse unathamangira kuminda. Elinata ndi Manase anapitanso ndi khasu limodzi, ngakhale analibe choti akabzale, pakuti mbewu ya banja lonse imakhala kwa mayi wamkulu, ndipo amagawira okhawo amene akuwawerengera kuti adzadya nawo za m’mundamo. Anangoyamba kukonza mizere imene madzi anagumula.

Dzuwa litakwera pang’ono anaona a Namwale akubwera m’kanjira, akuponda mosamala pamatope, nsengwa ya chimanga chotonola ili m’manja. Manase anachita zimene mkamwini amachita, anapatuka n’kukanyonyomala kuseri kwa chulu, nkhope atalozetsa kumbali. A Namwale anaima m’mphepete mwa munda, anayang’ana mizere yokhota ija, n’kupukusa mutu. Kenako anayankhula kwa mwana wawo, mokweza kuti chulu chimve.

“Mizere iyi walima ndi munthu kapena nkhumba?”

“Ndi dzanja lamanzere, amama. Akuphunzira.”

“Uwauze asiye, angationongere munda. Khasu ugwire ndiwe, uzikumba mapando. Kuponya mbewu sikufuna manja awiri, ndipo kukwirira n’kwa phazi.” Anatsokomola pang’ono. “Uwauzenso atate ake Lily kuti phando limodzi mbewu zitatu. Ndimawadziwa, amaponya zisanu ngati mbewu amatola pamsewu.”

Elinata anaika khasu pansi. Anapukuta manja pansalu n’kupita kuti akalandire nsengwa, koma a Namwale anaibweza.

“Sindinati ndikupatsa iwe.”

Anayenda okha mpaka pachulu paja, nkhope atatembenuzira kumbali monga mwa ulemu wa apongozi, n’kutambasula manja. Manase anagwada m’matope. Chinthu chochokera kwa wamkulu sichilandiridwa ndi dzanja limodzi, ndiye anazengereza pang’ono. Kenako anakwinya malaya, anagwira nsengwa ndi dzanja lamanzere, n’kuikhazika pa mkono wodukawo, anthu a m’minda yoyandikana akuona. Nsengwayo inapendekeka, njere zingapo zinagwa. A Namwale sanaisiye mpaka ataona kuti yakhazikika.